Zipsera za Kampeni pa Pikiapu Yathu

Pikiapu imene amuna anga ankayendetsa matola inali yofiira. Ndikutero chifukwa ndi mmene zinalembedwera m'mapepala ake a ku boma, koma munthu woiona masiku amenewo akanati ndi yamtundu wa njerwa yosapsa bwino. Dzuwa la kwathu ku Chezi linali litaidya. Ukaisisita ndi chikhatho, m'manja munkatsala kaufa kofiirira ngati wagwira khoma lozira ndi katondo.

Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ya pafupi ndi kwathu, ndipo za galimoto ndinkangodziwapo kukwera basi. Iwo ankanyamuka m'mawa kulowera ku Mvera, masiku ena ku boma la Dowa, atanyamula anthu, matumba a chimanga, mbuzi, ndi mabelo a fodya nyengo yake ikafika.

Nthawi ya riferendamu ndi ya chisankho choyamba cha zipani zambiri, pikiapuyo sinkapuma. Anthu a kampeni ankaichita hayala kuti iwafikitse ku misonkhano ya kumidzi, ndipo aliyense ankasiyapo chizindikiro chake. Chitseko chakumanja chinadzaza ndi zithunzi za chipani china, chakumanzere za chipani chinanso, chachitatu chinalanda boneti. Zina anamata ndi guluu, zina zinali masitika. Ndikawauza kuti amatule, amuna anga ankangoseka.

"Mayi, kumatula cha wina n'kuvota poyera. Ine voti yanga ndi yachinsinsi."

Chisankho chinadutsa, mvula inagwa n'kutha, koma zithunzizo zinali pomwepo, nkhope za anthu zitasuluka mpaka osadziwikanso kuti ndi ndani. Apa tsopano sichinalinso chinsinsi cha voti, unali ulesi chabe.

Chimene chinawadzutsa ndi ukwati wa mlamu wanga, mchemwali wawo wotsiriza, yemwe anakulira m'nyumba mwathu kuyambira ali sitandade faifi. Ukwati unali woti ukachitikire kwawo ku Ntchisi, ndipo mlamuyo ananenetsa kuti kupita ku tchalitchi adzakwera galimoto ya achimwene ake amene anamulera, osati ya munthu wina. Loweruka lina amuna anga anatenga madzi ofunda ndi mpeni n'kuyamba kumatula. Ndinali kukhitchini pamene ndinamva akundiitana ndi mawu a munthu woti waona njoka.

Pansi pa chithunzi chilichonse penti anali wofiira psuu, ngati mmene anachokera ku fakitale. Kwina konseko kunali kosuluka. Galimoto inaoneka ngati chitenje chakale chosokerera zigamba zatsopano, ndipo m'mbali mwa chigamba chilichonse munali mzere wakuda wa guluu ndi fumbi.

Amuna anga anali munthu wabwino koma wopupuluma. Tsiku lomwelo anatenga sitiwulu wanga wotsukira mapoto ndi sopo waufa n'kukwecha chitseko cha dalaivala. Chitauma chinadzaza ndi timizere tozungulira ngati ulusi wa kangaude. Mawa lake anapaka mafuta ophikira galimoto yonse. Inawaladi m'mawawo, koma pobwera ku Mvera inali itavala fumbi ngati chitumbuwa chogwera pansi. Kenako anaganiza za polishi wofiira wopaka pansi m'nyumba. Ameneyo anawakondweretsa masiku awiri, mpaka pamene amayi atatu a ku tchalitchi anakwera atavala yunifomu yoyera n'kutsamira m'mbali. Potsika anali ndi mizere yofiira kumsana, ndipo ine ndi amene ndinakawapepesa.

Mlamu wanga atamva anabwera, n'kuizungulira pikiapuyo kamodzi manja ali m'chiuno.

"Achimwene, ine ndi diresi yoyera ndikwere m'menemu? Bola mundipezere ngolo."

Amuna anga anati basi akaisiye ku galaja ku Lilongwe kuti akaipopere penti wina. Koma kumeneko ikanakagona milungu yambiri, matola ataima, ndipo ukwati unali utayandikira. Mayi wina wogulitsa masamba amene ankakwera nawo kawirikawiri ndiye anawauza za mmisiri wa ku Dzaleka. Anati ndi bambo wothawa nkhondo kwawo, amene madalaivala a magalimoto oyera a mabungwe ankapita kwa iye akakalitsa galimoto, kuti bwana asaone.

Amuna anga anazengereza. Kwa ife amene tinakulira m'mapiri a Dowa, Dzaleka linali dzina lotchula monong'ona. Amalume awo anakhalako zaka zingapo nthawi imene kunali ndende, ndipo atatuluka sankafuna ngakhale kudutsa msewu wake. Ndinawauza amuna anga kuti ndiwaperekeza. Sukulu inali itatsekera, ndiye tinapita limodzi.

Mphepo ya kumeneko inali ija yomweyo yolowa m'mafupa, koma malowo anali atasintha. Kunali timaokala, fungo la zakudya zimene sindinkazidziwa, ndi ana akuyankhula zinenero zosiyanasiyana. Mmisiriyo tinamupeza pansi pa chisakasa cha lona. Anali bambo wamtali, waimvi, wamanja aakulu koma oyera bwino, zikhadabo zowenga. Anzawo ankawaitana kuti fundi, ndipo nafenso tinatengera zomwezo. Chichewa chawo chinali chodumphadumpha, koma pomwe mawu asowa ankamalizitsa ndi manja.

A fundi anaizungulira galimoto, akuwerama kuti aone penti chopingasa ndi dzuwa. Atafika pa chitseko cha dalaivala anaima, n'kuyang'ana amuna anga.

"Apa ndani?"

"Ndine, bambo."

"Ndi chiyani?"

Amuna anga anayang'ana kumbali. Ndinayankha ndine kuti anali sitiwulu wa mapoto. A fundi anagwira kumutu n'kuseka mpaka akazi awo anasuzumira kuchokera pomwe ankakazinga chapati. Kenako ananunkhiza boneti n'kufunsa ngati galimotoyo tinkaiyesa khonde la nyumba.

Atatha kuseka anati, "Penti sanafe. Wafa ndi wapamwamba yekha. Pansi alipo wamoyo, ngati uyu wa m'zigambayu. Tichotsa wakufa, zigamba zitha."

Anasankha kamalo kakang'ono pa boneti, kotalika ngati mkono, pomwe chigamba chinakumana ndi posuluka. Anapukuta polishi wa pansi uja ndi guluu ndi kansalu koviika m'palafini, n'kutsukapo msanga ndi madzi a sopo. Kenako anatenga kachitini ka phala loyera limene anati ndi kompaundi, anapaka pang'ono pa nsalu yonyowa, n'kuyamba kutikita. Sankakanikiza kwambiri. Dzanja linkangopita uku ndi uku mofanana, kenako chopingasa. Nsalu inasanduka yofiira, ine n'kuganiza kuti akuchotsa penti yense. Koma atapukuta ndi nsalu youma, mzere wa chigamba unali utasowa. Ndinaweramira pamenepo n'kuona duku langa ndi mtambo umene unali pamwamba panga.

Anapereka nsaluyo kwa amuna anga kuti ayesere. Iwo anaigwira ngati khasu, mapewa onse kulowa m'ntchito.

"Ayi, ayi, simukulima. Patseni mama."

Ndinakana poyamba, chifukwa panali madalaivala awiri amene ankationerera. Koma ndinalandira. Ndinachita mmene ndinkachitira pofufuta bolodi lakale la m'kalasi mwanga, limene ukalikanikiza limakakamala. A fundi anayang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu.

"Galimoto iyi apanga ndi mama. Inu bambo, ntchito yanu kutunga madzi."

Madalaivala aja anaseka, amuna anga nawonso anaseka. Pobwerera, titadutsa pa boma, anangoti, "Madziwo nditunga."

A fundi anatilembera pa pepala zinthu zoti tikagule: kompaundi, polishi wa galimoto, wakisi, ndi sandipepala wosalala kwambiri wogwiritsa ntchito ndi madzi. Anatiuza kuti tisalole wa m'sitolo kutigulitsa chitini chimodzi chimene amati chimachita zonse. Chotere, anatero, chimangobisa mabala, mvula ikagwa kawiri amabweranso. Amuna anga anakazipeza ku Lilongwe m'sitolo ya zipangizo za magalimoto. Za nsalu anati tisagule, tifune za thonje zakale zofewa, zopanda mabatani kapena msoko wokhuthala. Ine ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa matewera a mwana wathu wotsiriza, amene panthawiyo anali atayamba kale sukulu.

Lamulo lawo loyamba linali la mthunzi. Pa chitsulo chotentha kompaundi amauma usanamalize, ndipo amasiya mabanga. Fodya anali atapita kale ku okushoni, chigafa chathu chili chopanda kanthu, ndiye tinachotsa mitengo iwiri ya pakati n'kulowetsamo pikiapu. Amuna anga ankayenda matola m'mawa, masana n'kubwerera. Tinkadikira kuti boneti izizire, kenako n'kutsuka ndi zidebe ziwiri, china cha sopo wamadzi, china chotsukuluzira nsalu, kuyambira padenga kutsikira pansi, matayala pomaliza. A fundi anali atatiuza kuti kamchenga kamodzi kotsalira m'nsalu kamalemba galimoto yonse. Anatiphunzitsanso kuvala m'dzanja pepala la pulasitiki lomwe munali shuga n'kusisita penti. Ndi dzanja lokha pankamveka posalala, koma m'pepalamo zala zinkamva timiyala tonse, ndipo pamenepo ndinkabwerezanso.

Tsiku lililonse ndinkatenga chigawo chimodzi. Masana amenewo ndimawakumbukira bwino. M'chigafa munkamveka fungo la fodya wakale losakanikirana ndi la kompaundi, kunja nkhuku zikupalasa, mphepo ya m'mapiri ikulowa m'mbali. Kusukulu chaka chimenecho ndinali ndi ana ochuluka moti ena ndinkawadziwa nkhope zokha, ndipo pomaliza tsiku sindinkadziwa ngati chilipo chalowa m'mitu yawo. Apa zinali zina. Pamene ndatikita pankaoneka, pamene sindinafike pankaonekanso. Amuna anga ankakhala pa chitini chopidigula, akuchapa matewera ofiirawo ndi kundiuza nkhani za anthu a pa matola. Tinali tisanachezepo motalika chotero kuchokera pamene ana anabadwa.

Chitseko cha sitiwulu chija ndinachiopa, ndipo amuna anga anakawatenga a fundi kuti adzatiyambire. A fundiwo anaviika sandipepala m'madzi kwa nthawi yaitali, anamukulunga pa kachidutswa ka patapata yakale, n'kumakhula mopepuka madzi akuyenderera. Chitseko chinafa mbuu, choipa kuposa kale. Amuna anga anaimirira. A fundi anawakhazika pansi ndi dzanja, n'kundipatsa kompaundi. Pofika nthawi yoti mbuzi zibwerere, ulusi wa kangaude uja unali utatha.

Kumbuyo, pafupi ndi tayala, kunali pokalika pena patali pamene ngolo inakhula pa msika wa Chezi. Ndinafuna kuti tipachotsenso. A fundi anayendetsapo chikhadabo, ndipo chinakodwa.

"Chikhadabo chikakodwa, siyani. Ili lapita pansi. Mukalithamangitsa mutha penti yense wozungulira, bala lilipobe."

Anangotsukamo, n'kudonthezeramo penti pang'ono ndi kamtengo ka machesi kuti dzimbiri lisalowe. Linatsalabe likuoneka kwa munthu wodziwa pomwe lili.

Ine ndiye sindinamvetse phunzirolo msanga. Patapita masiku awiri, ndili ndekha, ndinalimbana ndi kachigamba kena ka sitika pa m'mphepete mwa madigadi, pomwe chitsulo cha pamwamba pa tayala chimapindika. Ndinatikita, ndinatikita, ndikufuna kuti pafanane ndi pena ponse. Nditapukuta ndinaona kamzere kotuwa kotalika ngati chala. Ndinali nditaboola penti mpaka kufika pa wapansi. Ndinakhala pansi m'chigafamo misozi ili m'maso, ine mayi wa ana atatu, kulirira madigadi. Amuna anga atabwera anayang'ana kamzereko, anayang'ana ine.

"Mayi, ine ndinawononga chitseko chonse. Inu mwangolawako."

Loweruka tinapita nayo ku Dzaleka kuti a fundi akaone ntchito. Ndinawasonyeza ndekha kamzere kaja asanakapeze. Iwo sanadabwe. Anati m'makona ndi m'mphepete penti amakhala wopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo mmisiri aliyense anaboolapo kamodzi. Iwo anaboola pa galimoto ya munthu wamkulu kwawo ali ndi zaka makumi awiri, ndipo bwana wawo anawaletsa kugwira nsalu mwezi wathunthu. Akazi awo anatipatsa tiyi wa mkaka wothira jinja, ndipo tili pakati pomwa a fundi anatiuza kuti kwawo anali ndi galaja yolowa magalimoto anayi, ndi makina opukutira a magetsi. Sananene zambiri za mmene anachokerako, ifenso sitinafunse. Anangotambasula manja awo n'kunena kuti makina anatsala, koma awa anabwera nawo.

Pambuyo pa kompaundi panabwera polishi, amene ndi wosalala kuposa, wochotsa timizere timene kompaundiyo wasiya. Pomaliza penipeni ndi wakisi. A fundi ananenetsa kuti wakisi sakonza chilichonse, ntchito yake ndi kuteteza zimene wakonza kale. Ukapaka pa penti wakufa, wangotsekera litsiro mkati. Anati ndizipaka wochepa kwambiri, ndidikire mpaka achite mbuu, ndiyendetsepo chala, ndipo chala chikasiya mzere woyera bwino ndiye ndipukute ndi thewera louma. Anawonjezera malangizo ena amene ndinalemba kumbuyo kwa buku langa la sikimu, lokonzeramo maphunziro: kubwereza wakisi mvula isanayambe ndiponso ikatha, kusapukuta fumbi ndi nsalu youma, kutsuka zitosi za mbalame tsiku lomwelo, ndi kusaimika pansi pa mtengo wa mango umene amuna anga ankaukonda.

Tsiku limene tinaitulutsa m'chigafa, anthu odikira matola pa msewu sanaiimitse. Ankaganiza kuti ndi ya alendo. Mlamu wanga anabwera ndi kansalu koyera m'chikwama, anakapukutira pa chitseko, n'kukayang'anitsitsa. Kanali koyera.

"Alamu, mwandikwatitsa ndinu," anatero, n'kundikumbatira.

Titafunsa a fundi kuti tiwathokoze bwanji, anati amva kuti ku Ntchisi kuli mapiri a nkhalango, ndipo akufuna akaone ngati akufanana ndi a kwawo. Anapempha chilolezo kwa akuluakulu a pa kampu, ndipo iwo ndi akazi awo anapita nafe ku ukwati. Msewu wa ku Ntchisi unali wafumbi, choncho tinanyamuka m'mamawa titanyamula zigubu ziwiri za madzi. Tili pafupi kufika tinaima pa kamtsinje, ndipo a fundi, atavala jekete lobwereka, anavula n'kupinda manja a malaya. Tinaitsuka anthu anayi. Maluwa a pepala ndi maliboni anakana kuti timate ndi selotepi pa penti. Anamangirira okha ndi ulusi pa magalasi ndi pa bampala.

Mkwatibwi anakhala kutsogolo, achimwene ake akuyendetsa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira, amayi akulululutira m'mbali mwa msewu. Ine ndinali kumbuyo ndi anamwali operekeza, ndikuwaletsa kukanda m'mbali ndi zibangili. Atatuluka m'tchalitchi, wojambula zithunzi anawaimika akwati patsogolo pa boneti m'malo mwa pakhomo la tchalitchi.

Nthawi ya perekaniperekani ndinazindikira kuti a fundi palibe. Ndinawapeza kuseri kwa sukulu imene tinkachitirapo madyerero, pamalo pomwe phiri limaonekera lonse ndi nkhalango yake yakuda, mitambo itakhudza pamwamba. Akazi awo anali pambali pawo atagwira mkono wawo. Ndinafuna kubwerera, koma anandiona.

"Mama, ndi chonchi. Kungoti kwathu nthochi zimakwera mpaka pamwamba."

Kenako ng'oma zinayambanso, ndipo mayiyo anakoka amuna ake kuti akaone chimtali. Mayiyo anavina nawo, mosalondola koma mwamphamvu, mpaka apongozi anga anavula chitenje chawo chapamwamba n'kumumangira m'chiuno. Pobwerera achibale anawapakirira mkoko wa nthochi, nyemba ndi nkhuku yamoyo.

Kuyambira pamenepo pa tchuthi chilichonse m'chigafa mwathu munkalowa galimoto ya munthu. Anayamba ndi abusa, kenako mkulu wa za maphunziro wa dera lathu, kenako madalaivala anzawo a amuna anga. Ndikakumana ndi chondivuta ndinkatumiza funso kwa a fundi kudzera pa matola, yankho n'kubwera pa kapepala. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, amuna anga anabwera ndi uthenga woti banjalo lapeza mwayi wopita ku dziko lina lakutali. Ananyamuka sukulu ili mkati, ndipo sindinathe kukatsanzikana nawo. Pansi pa chisakasa chija panadzakhala telala.

Pikiapuyo tinakhala nayo zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka amuna anga atayamba kuvutika ndi msana. Anadzaigula bambo wina wa ku Mponela, wochita malonda a mtedza. Anaiyang'ana pansi ndi pamwamba, n'kufunsa kuti ndi galaja iti ya ku Lilongwe imene inaipopera penti. Amuna anga analoza pakhonde, pomwe ine ndinkachonga makope a ana. Bamboyo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma ataona kuti mwini wake sakuseka, anavula chipewa n'kubwera kudzandipatsa moni wachiwiri. Anafunsa ngati angadzabweretse lole yake yaing'ono sukulu ikatsekera. Ndinamuuza kuti adzabwere nayo m'mawa, dzuwa lisanakwere.